Yankho kwa achemwali afunsa za mtsempha wa pakhosi wa bambo awo

Achemwali pepani ndi matenda a bambo. Mwafunsa kuti sikani yaonetsa mafuta atatseka mtsempha wa pakhosi, nde bwanji mafutawo aunjikana malo amodzi pomwe magazi amazungulira thupi lonse. Ine ndagwirapo ntchito mu wodi ya odwala mtima konkuno ku Harare ndipo achibale ambiri amafunsa zomwezi, nde ndiyankha motalika pang'ono.

Chotsani kaye maganizo oti mtsempha uli ngati paipi ya sinki yomwe mafuta a mazondo aundana mkati. Anthu amaganiza choncho koma ayi, mafutawa samata pamwamba, amalowa mkati mwa khoma lenilenilo la mtsempha nkumakulira momwemo mpaka khomalo kutupa nkupanikiza njira ya magazi.

Mafuta tikunenawa makamaka ndi kolesterolo, ndipo iyeyu sasungunuka m'magazi nde amayenda atanyamulidwa ndi tizinthu totchedwa LDL ndi HDL. LDL ndi amene amamutenga kupita naye mthupi monse, HDL amathandiza kutolera wotsala nkumubweza ku chiwindi. Ndipo kolesterolo wambiri amapangidwa ndi thupi lathu lomweli, nchifukwa chake mumapeza munthu wowonda, wosakonda nyama, koma LDL ali mmwamba, zina ndi za kumtundu.

Tsopano za malowo. Mukadzadutsa pa Mukuvisi mvula itatha muyang'ane pomwe mtsinje wakhota, mbali yakunja madzi amathamanga nkumakokolola dothi, mbali yamkati amayenda mwaulesi, pena kuzungulirazungulira, ndipo mchenga ndi mapepala zimatsalira pamenepo. Magazi nawonso amachita chonchi pomwe mtsempha wakhota kapena wachita mphanda. Kukhosi kuja mtsempha wa carotid umagawikana pawiri chapansi pa nsagwada, wina kupita ku ubongo wina kunkhope, ndipo pamphanda pomwepo pali kamalo kotukuka pomwe magazi amachedwa nkumabwerera mmbuyo pang'ono mtima ukamagunda. Mtima umagunda pafupifupi ka 100,000 patsiku, nde werengani zaka za bambo muone kuti malo amenewo avutika kangati.

Mkati mwa mtsempha muli kakhungu kopyapyala kwambiri, mzere umodzi wokha wa maselo. Pomwe magazi akuyenda mowongoka maselowa amagona mwadongosolo kuloza komwe magazi akupita, amagwirana bwino, ndipo amatulutsa kampweya kotchedwa nitric oxide komwe kamafewetsa mtsempha. Koma pamphanda paja amakhala balala, amadontha mosavuta, ndipo LDL poti akuchedwa pamenepo amapeza mpata nkulowa. Akalowa amakodwa, amaonongeka, thupi nkumuona ngati mdani. Asilikali a mthupi amabwera kudzamudya, amadya mpaka kukhuta mafuta nkufera pomwepo, ena abwere nawonso afe, kenaka thupi limaphimba muluwo ndi kachikopa. Tsiku lomwe kachikopako kang'ambika magazi amaundana pompo, chidutswa chikathawira ku ubongo ndi sitiroko imeneyo. Ndaonapo abambo oti mmawa amamwa tiyi bwinobwino, masana pakamwa papindika, dzanja silikugwira supuni, ana awo ali kakasi pakhonde la wodi. Zimandiwawa mpaka pano.

Malo ena okonda kutero ndi mitsempha yodyetsa mtima, mtsempha waukulu wa mmimba pomwe umagawikana kupita kumiyendo, ndi m'ntchafu. Mitsempha yobweza magazi ku mtima nthawi zambiri siichita zimenezi, koma madokotala akatenga wa kumwendo nkuuika pa mtima pa opareshoni ya bypass, yolambalalitsa magazi pomwe patsekeka, ukakumana ndi mphamvu ya magazi ya kumeneko nawo umatha kuyamba kutsekeka pakapita zaka.

Musadziimbe mlandu kuti mwina munkawaphikira zonona, izi zimayamba kalekale. Mu 1953 madokotala a ku America atapima mitembo ya asilikali ofera kunkhondo ya ku Korea, anyamata a zaka za m'ma 22, anapeza kuti oposa theka anali atayamba kale zizindikiro m'mitsempha ya mtima.

Mphanda zija tinabadwa nazo, sitingaziwongole. Chomwe tingasinthe ndi kuchuluka kwa LDL amene akudutsa pamenepo ndi zinthu zomwe zimavulaza kakhunguko, fodya, BP ndi shuga. Ngati bambo apatsidwa ma statin, mankhwala otsitsa kolesterolo, asasiye chifukwa akumva bwino kapena chifukwa wina pa WhatsApp wanena kuti adyo ndi mandimu zimatsuka mitsempha, sizitsuka, mafuta aja ali mkati mwa khoma. Mankhwala a BP nawonso azimwa tsiku ndi tsiku, ngakhale ndikudziwa kuti mankhwala kuno adula. Ndipo mukangoona pakamwa papindika, mawu akukokeka, diso limodzi lachita mdima kapena dzanja lafooka, ngakhale zitasiya pakapita mphindi zochepa, musadikire kuche, pezani galimoto muthamange nawo ku Parirenyatwa kapena chipatala chilichonse chapafupi. Inunso ndi azichimwene anu mukayezetse kolesterolo wanu.