Kalata ya khonsolo yafika: akonze ndani, mwininyumba kapena wochita lendi?

Mayi, zikomo pondilembera. Mwati muli ndi nyumba ya lendi mumzinda, inu mukukhala kumudzi, ndipo a khonsolo asiya kalata yoti pasanathe masiku 14 muthane ndi zinthu zitatu: sepitiki thanki yomwe ikusefukira mumsewu, tchire la kuseri kwa nyumba, ndi mpanda wa njerwa womwe wang'aluka n'kupendekera kwa aneba. Mukufunsa ngati khonsolo ili ndi mphamvu yotere pamalo oti ndi anu, komanso chifukwa chake sakuvutitsa amene akukhalamo.

Mphamvuyo ali nayo. Lamulo la zaumoyo wa anthu, Public Health Act la 1948, limaletsa aliyense kusunga pamalo pake chinthu choika moyo wa ena pachiswe, ndipo limapatsa makhonsolo udindo wothetsa zotere. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limawalolanso kupanga malamulo awoawo a ukhondo. Chikalata cha umwini sichikutetezani pamenepa, pakuti madzi a m'chimbudzi akadutsa mpanda wanu afika kale pakhomo pa wina. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Pa sepitikiyo ndikupemphani musadikire n'komwe masiku 14 aja. Itanani galimoto yopopa sabata ino.

Tsono funso lanu lenileni, lakuti udindo ndi wa yani. Lamulo limayamba ndi kufunafuna amene wachititsa vutolo. Zinyalala zotayidwa paliponse, udzu wosatchetcha, zitini ndi matayala osunga madzi momwe udzudzu ukuswana, zimenezo kawirikawiri ndi za amene akukhala pamalopo tsiku ndi tsiku. Koma vuto likachokera pa kamangidwe, monga dzenje laling'ono kapena logumuka, denga lodontha, khoma long'aluka, kalata imapita kwa mwininyumba. Choncho pa zitatu zija, sepitiki ndi mpanda ndi zanu. Za tchire onani pangano lanu la lendi. Ngati munalemberana kuti wochita lendi azisamala pabwalo, mulembereni kalata yomukumbutsa, ndipo mukatchetcha ndinu mukhoza kumuitanitsa ndalamayo. Koma dziwani kuti panganolo limamanga inu awiri basi, khonsolo silikuikhudza. Ngati munangogwirizana pakamwa, monga amachitira ambiri, lipirani waganyu atchetche, kenaka mulembe pangano latsopano.

Mpanda uja ndi umene ukundidetsa nkhawa kwambiri. Ukagwa nthawi ya mvula n'kuphwanya mwana kapena katundu wa aneba, mudzazengedwa mlandu wa chipukutamisozi chifukwa chosasamala, ndipo kalata ya khonsoloyi idzakhala umboni woti munkadziwa. Gwetsani mbali yopendekayo msanga. Musanamangenso, kafunseni ku ofesi yoona za mapulani ngati pakufunika chilolezo pansi pa lamulo la mapulani a zomangamanga, Physical Planning Act la 2016.

Mukapanda kuchitapo kanthu, khonsolo imakadandaula kukhoti la majisitireti ndipo inu mumalandira chisamani. Khoti likhoza kukulamulani kukonza, kukulipitsani chindapusa, kapena kuloleza khonsolo kugwira ntchitoyo n'kudzakulipiritsani. Nyumba ikapezeka yosayenera kukhalamo anthu, khoti likhoza kuitseka mpaka itakonzedwa, ndiye kuti ndalama ya lendi yaima.

Nanunso muli ndi ufulu. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko limati ofesi ya boma ichite zinthu motsata lamulo ndi mwachilungamo, ndipo ikupatseni zifukwa zake molemba. Gawo 28 limaletsa kulanda munthu katundu mwachisawawa, kotero kalata imeneyi si yokulandani nyumba. Ionetsetseni bwino: ikhale ndi chidindo, dzina la ofisala, vuto lomwe lapezeka ndi nthawi yokonzera. Ngati masiku 14 sakwana kumanga mpanda, lembani kalata yopempha nthawi yoonjezera, muikemo zithunzi za zomwe mwakonza kale, ndipo kope lanu alidinde posonyeza tsiku lomwe alandira. Ndalama iliyonse mukalipire ku ofesi n'kutenga lisiti. Wina akabwera pakhomo n'kunena kuti mumupatse "ya fanta" nkhani ithe, mukaneni, chifukwa wopereka chiphuphu nayenso amapalamula, ndipo kalata ija imakhalabe m'faelo.

Mukaona kuti akulakwirani, mukhoza kukadandaula kwa mkulu wa khonsolo, ku ofesi ya Ombudsman, kapena kupempha Khoti Lalikulu kuti liunikenso chiganizocho, ndipo pempholi liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi itatu. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau mutanyamula kalata ya khonsolo, pangano la lendi, chikalata cha malo ndi zithunzi zija.