Msonkho wa kaboni: ndiime mbali iti?

Mayi wina amene amakhala ku Tembisa, ku South Africa, wanditumizira imelo. Ali m'gulu la anthu a m'dera lawo lokambirana za magetsi ndi sola, ndipo akuti gululo lagawikana. Ena akufuna kulembera boma kuti likweze msonkho wa kaboni (msonkho wolipiritsa otulutsa mpweya wotenthetsa dziko), ena akuti msonkhowo ndi wofinya amphawi, bola boma lizingothandiza anthu kugula sola. Akufunsa kuti aime mbali iti.

Achemwali, musanasankhe mbali, funsani anzanuwo kuti msonkho womwe akukanganirawo wakhala ukugwira ndani. Dziko la South Africa linayamba kuutolera pa 1 June 2019, pa mtengo wa R120 pa tani iliyonse ya mpweya wotenthetsa dziko. Koma lamulo lomwelo linakhululukira makampani gawo lalikulu la mpweya wawo, kuyambira 60 mpaka 95 peresenti, moti ndalama yeniyeni yomwe ankalipira inali pakati pa R6 ndi R48 pa tani. Eskom, kampani ya boma yopanga magetsi, yomwe magetsi ake ambiri amachokera ku malasha a ku Mpumalanga, inaloledwa kuchotserapo msonkho wina wa magetsi womwe inkapereka kale, n'cholinga choti mtengo wa mayunitsi usakwere. Choncho ngati magetsi akukudulirani ku Tembisa, gwero lake ndi ngongole za Eskom ndi mitengo yomwe NERSA, bungwe la boma loyang'anira mitengo ya magetsi, imavomereza. Msonkho wa kaboni sunafike pa mita yanu mwa njira yomwe anzanu akuganizira.

Maganizo anga ndi akuti msonkhowu umagwira ntchito pokhapokha wolipirayo ali ndi kothawira. Ku Britain, mu 2012, malasha ankapereka pafupifupi 40 peresenti ya magetsi. Mu 2013 boma linaika mtengo wapadera pa mpweya wa malo opangira magetsi, womwe unadzafika £18 pa tani kuwonjezera pa wa European Union. Makina a gasi analipo kale, makina a mphepo akumangidwa, ndiye makampani anangosamuka. Malo omaliza oyendera malasha, Ratcliffe-on-Soar, anatsekedwa pa 30 September 2024. Uku ndi kupambana kwenikweni, ndipo a mbali yofuna msonkho ali ndi ufulu wokunyadira.

Koma onani zomwe zimachitika ukaikidwa pa munthu wamba yemwe alibe pothawira. Ku France, mu November 2018, anthu a kumidzi omwe sangapite kuntchito popanda galimoto anadzaza misewu atavala majekete achikasu, boma mpaka linaimitsa kukweza msonkho wa mafuta. Australia inayamba msonkho wa kaboni mu 2012 n'kuuchotsa mu 2014. Nkhani ya Canada ndiyo imandipweteka kwambiri, chifukwa kumeneko anayesetsa ndithu: boma linkabweza ndalamazo ku mabanja miyezi itatu iliyonse. Komabe anthu ankaona mtengo pa pampu tsiku ndi tsiku, ndalama yobwezedwayo osaizindikira, ndipo mu April 2025 nduna yaikulu Mark Carney anauchotsa pa mafuta a anthu wamba. Ku South Africa ndalama za msonkhowu zimangolowa m'thumba lalikulu la boma, palibe yomwe imabwera m'manja mwanu mwachindunji.

A mbali ya sola nawo asasangalale msanga. Kuyambira March 2023 mpaka February 2024 boma linkabweza 25 peresenti ya mtengo wa mapanelo, osapitirira R15,000. Anapindula ndani? Munthu wa nyumba yakeyake, wolipira msonkho wa pa malipiro, wokhala ndi ndalama zogulira kaye. Wochita lendi kachipinda ka kuseri, monga ambiri mwa abale athu a kumudzi omwe ali kumeneko, denga si lake, mita si yake. Thandizo lotere limatenga ndalama za onse n'kupatsa amene ali nazo kale.

Ndikanakhala pa msonkhano wanuwo, ndikanavomera kuti msonkho ukwere pa makampani akuluakulu monga Sasol, yopanga mafuta kuchokera ku malasha ku Secunda, ndi kuti zokhululukira zija zichepe. Pali chifukwa china chomwe ambiri amachiiwala: European Union tsopano ili ndi lamulo la CBAM, lolipiritsa zitsulo, aluminiyamu, simenti ndi feteleza zolowa kwawo malinga ndi mpweya womwe unatuluka pozipanga. Boma la South Africa likapanda kutolera ndalamazo, azitolera ndi a European Union.

Koma nthawi ya gulu lanu ndikanaiika pa zomwe khonsolo ya Ekurhuleni, yomwe imayang'anira Tembisa, ingasinthe. Pali mayunitsi aulere a Free Basic Electricity, omwe ndondomeko ya boma imati 50 kWh pa mwezi, ndipo mabanja ambiri oyenera sawalandira. Cape Town inayamba kulipira anthu ogulitsa magetsi a sola otsala. Funsani khonsolo yanu kuti yafika pati pa zimenezi. Kumbukiraninso kuti sola ya makampani inachuluka msanga pamene Cyril Ramaphosa, mu June 2021, anakweza malire opanga magetsi popanda laisensi kuchoka pa 1 MW kufika pa 100 MW. Kunali kungosintha lamulo, osatolera kapena kupereka ndalama.

Ngati gulu lilemberebe boma, pemphani kuti m'kalatamo mulowe funso lakuti ndalama za msonkhowo zizibwerera bwanji kwa ochita lendi ndi osauka. Pamenepo ndikhulupirira kuti mbali zonse ziwiri zisayina.