Mnyamata wanga wavulala pa ntchito, ndipange bwanji?

Zikomo akonzi, ndili ndi kashopu kowotcherera ku Ndirande, mnyamata wanga wantchito wavulala diso ndi galayinda, ndamupatsa kangachepe kuti zithere pompo koma abale ake akuti tipite ku leba. Chonsecho ndi waganyu tu.
Owerenga, Ndirande

Bambo, pepani koma abalewo akunena zoona. Lamulo la Workers' Compensation la 2000 limati munthu akavulala pa ntchito bwana ndi amene amalipira kuchipatala komanso chipukuta misozi, ndipo zoti ndi waganyu sizikupulumutsani ngati ankagwira ntchito ya bizinesi yanuyo. Mabwana ambiri amalakwitsa pomwepa, kubisa ngozi nkumakambirana kuseri, kenako diso lija likafa nkhani imadzukanso ndalama yake yochuluka kuposa poyamba. Pitani naye ku chipatala cha Queens adokotala alembe lipoti la mmene wavulalira, mukanene ku ofesi ya leba, ma risiti onse musunge.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti magalasi otchingira maso ndi otchipa kwambiri poyerekeza ndi diso la mwana wa eni, ndipo lamulo la chitetezo pa ntchito la 1997 limafuna kuti muziwapatsa zodzitetezera. Gulani magalasi, magolovesi ndi mabuti, osawadula pa malipiro ayi, ndipo muziwakakamiza kuvala olo adandaule zotentha. Mufunsenso za inshuwalansi ya antchito.