Jack the Ripper: kodi DNA yamuululadi?

Achimwene, mwafunsa ngati nkhani yoti DNA yaulula kale Jack the Ripper ndi yoona. Ine ndikuti musathamangire kuikhulupirira, mlanduwu sunathe.

Jack the Ripper ndi dzina limene anapatsa munthu wosadziwika amene ankapha amayi. Zinachitikira ku Whitechapel, dera la anthu osaukitsitsa kum'mawa kwa London, m'chaka cha 1888. Amayi amene ambiri amagwirizana kuti anaphedwa ndi munthu mmodzi ndi asanu: Mary Ann Nichols pa 31 Ogasiti, Annie Chapman pa 8 Seputembala, Elizabeth Stride ndi Catherine Eddowes usiku umodzi wa pa 30 Seputembala, ndiye Mary Jane Kelly pa 9 Novembala. Onse anawacheka pakhosi. Usiku umene Nichols anaphedwa, anali atamubweza kunyumba yogona alendo chifukwa analibe mapeni anayi olipirira bedi, n'chifukwa chake mbandakucha unamupeza ali mumsewu.

Nanga apolisi ankatani? Musaiwale kuti nthawiyo kunalibe kufufuza ndi zidindo za zala. Scotland Yard, likulu la apolisi a ku London, inatsegula ofesi yake ya zimenezo mu 1901. Ngakhale kusiyanitsa magazi a munthu ndi a nyama sankatha, m'dera lodzaza ndi malo ophera ziweto, kumene munthu wa magazi m'manja sankadabwitsa aliyense. Komanso Eddowes anafera ku Mitre Square, m'dera la apolisi a City of London, pomwe enawo anali m'manja mwa Metropolitan Police. Chidutswa cha epuloni yake chinapezeka ku Goulston Street, pansi pa mawu olembedwa ndi choko onena za Ayuda. Mkulu wa apolisi Charles Warren analamula kuti awafufute asanawajambule, poopa zipolowe. Dzina loti Jack the Ripper linachokera m'kalata imene inafika ku bungwe lofalitsa nkhani la Central News Agency, ndipo apolisi ena akuluakulu ankati inalembedwa ndi mtolankhani.

Tsono za DNA. Amene ikumuloza ndi Aaron Kosminski, wometa tsitsi wochokera ku Poland, yemwe wapolisi wamkulu Melville Macnaghten anamutchula kale mu 1894 ngati mmodzi mwa oganiziridwa, pamodzi ndi Montague Druitt ndi Michael Ostrog. Asayansi anayeza DNA ya pa shawelo yomwe akuti inali pafupi ndi mtembo wa Eddowes. Vuto ndi loti shaweloyo mulibe pa mndandanda wa katundu amene apolisi anapeza pa mayiyo, ndipo yagwiridwa ndi manja ambirimbiri kwa zaka zoposa 100. DNA imene anayeza ndi yotengera kuchikazi, imene anthu ambiri osadziwana angafanane nayo. Imathandiza kuchotsa munthu pa oganiziridwa, koma kuloza nayo munthu mmodzi n'kunena kuti ndi ameneyu, pamenepo akatswiri ambiri anakana.