Musathamangire kuzula matabwa apansiwo, mayi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene wakhala kuno ku Joni zaka zambiri. Mayiwa agula fulati ku Killarney, m'nyumba yosanja yomangidwa m'zaka za m'ma 1950. Akufuna kuzula timatabwa tapansi ta parquet n'kuikapo matailosi akuluakulu otuwa, ndiponso kugumula khoma lapakati pa khichini ndi pabalaza kuti nyumba ioneke yamakono. Funso lawo n'lakuti ayambire pati.

Mayi, ndakondwa nanu kwambiri, chifukwa kugula nyumba m'dziko la eni si zamasewera. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: matabwawo musawakhudze kaye.

Mafulati akale a ku Killarney, Illovo, Yeoville ndi Berea anawayala ndi matabwa olimba, ndipo ena mwa iwo ndi amene kuno amawatcha kiaat. Umenewu ndi mlombwa, mtengo womwe uja akalipentala kumudzi amapangira zitseko ndi mipando yosiyira adzukulu. Ine nditalowa m'fulati yanga ndinapeza kapeti yonunkha chinyontho. Nditaifunyulula pakona, pansi panali bii, guluu ali mbuu, timatabwa tina tikugwedera ndikapondapo. Ndinataya mtima. Mmisiri atabwera ndi makina opalira, anadutsa katatu, kuyambira sandipepa wokhakhala mpaka wosalala. Fumbi linalowa mpaka m'makapu a m'kabati. Koma madzulo a tsiku lachiwiri, dzuwa litalowa pazenera, pansi ponse panali kuoneka kofiirira ngati uchi, mizere ya mtengo ikuonekera m'kathabwa kalikonse. Ndinakhala pansi pomwepo kwa nthawi yaitali. Togwederato anangotizula, kupala phula lakale limene anamatira kalelo, n'kumatanso ndi guluu watsopano. Muwauze amisiri apake vanishi wosanyezimira. Wonyezimira kwambiri uja ndi amene amachititsa nyumba kuoneka ngati ya agogo.

Muganizirenso za chisanu. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo m'mawa wa mu June kapena July matailosi amazizira mpaka m'mafupa. Thabwa silitero. Matailosi amapititsanso phokoso la nsapato kwa okhala pansi panu, ndipo nkhani zoterezi zimadanitsa anthu.

Tsopano za khoma lija. M'nyumba za sectional title, momwe aliyense amagula gawo lake m'nyumba imodzi yaikulu ngati yanuyo, gawo lanu limathera pakatikati pa khoma, pansi ndi denga zimene zakuzungulirani. Kupitirira apo ndi za onse, ndipo zimayang'aniridwa ndi body corporate, bungwe la eni mafulati onse, kudzera mwa matrasti amene eniwo amasankha. Choncho lembani kalata kwa matrastiwo, ndipo yankho lawo likhalenso lolemba. Kenako muitane injiniya adzaone ngati khomalo lasenza nyumba zapamwamba panu. Mmisiri wongogogoda khoma ndi chala n'kunena kuti "ili n'lopepuka, tigwetsa mawa" musamumvere ayi. Ngati khomalo ndi losenza katundu, pafunika pulani yovomerezedwa ndi khonsolo ya mzinda.

Palinso lamulo limene ambiri salidziwa. Anthu amaganiza kuti zoteteza nyumba zakale zimangokhudza nyumba zotchuka ngati Anstey's ya m'tauni, imene inatha kumangidwa mu 1937. Koma National Heritage Resources Act ya 1999, pa gawo 34, imati nyumba iliyonse yopitirira zaka 60 siisinthidwa kapena kugumulidwa popanda chilolezo cha bungwe loona za nyumba zakale m'chigawo. Kuno ku Gauteng ndi PHRA-G. Yanuyo zaka 60 inadutsa kale, ndiye mufunse katswiri wojambula mapulani akuuzeni ngati ntchito yanu ikufunika chilolezo chimenechi musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti.

Ndalama zanu zoyamba zipite ku zinthu zosaoneka. Apa ndikulankhula zimene zinandionekera. Ndinapenta nyumba yonse, ndinaika makabati atsopano, ndipo patangotha miyezi iwiri paipi yakale yachitsulo inabooka mkati mwa khoma la kubafa. Pulambala atadula chidutswa anandionetsa: dzimbiri linali litadzaza mkatimo moti chala chaching'ono sichikanalowa. Tinaswa khoma lopentapenta, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Inu muyambe ndi mapaipi, giza (thanki yotenthetsera madzi) ndi mawaya. Wamagetsi akhale wolembetsedwa, ndipo akamaliza akupatseni satifiketi ya CoC, yotsimikizira kuti zamagetsi zaikidwa motsata malamulo. Mukapeza timatailosi takale ta vinyl m'khichini kapena zokutira mapaipi zooneka ngati thonje louma, musapale nokha. Mwina muli asibesitosi, amene dziko lino linamuletsa mu 2008 chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Zamakono zimene mukuzifunazo zibwera mosavuta. Nyumba zakalezi zili ndi siling'i yaitali ndi zipinda zazikulu, zimene mafulati atsopano alibe. Pentani makoma penti yoyera yosathobwa m'maso. M'khichini ikani makabati a zitseko zosalala zopanda zokongoletsa, ndipo ngati khoma lakanika kugwa lonse, injiniya angakulolezeni kuboola pakati kuti wophika azicheza ndi alendo. Chotsani babu limodzi lapakati lija, muike nyale zingapo zotsika m'makona. Mazenera achitsulo apaleni dzimbiri, muwapente akuda, mumate mphira m'mbali kuti mphepo isalowe. Zogwirira zitseko zamkuwa zimangofuna kupukuta.

Katundu musadzaze. Sofa imodzi yabwino, tebulo lopepuka, mkeka wakwathu pamatabwa aja, mbale ziwiri zitatu za ku Dedza pashelefu, basi. Ine ndinaika chitenje cha malemu amayi anga m'fulemu pakhoma la pabalaza, ndipo aliyense wolowa amayamba waima pamenepo.

Loweruka likubwerali, pitani ku fulatiko cha m'ma 10 koloko m'mawa muone chipinda chimene chikulandira dzuwa la kumpoto, chifukwa pamenepo ndi pamene muzikhala m'nyengo yozizira. Mujambulenso matabwa a pakona ndi apafupi ndi khomo la kubafa, munditumizire zithunzizo ndione ngati madzi anawalowa.