Debian yanu yalowa bwino, chomwe chikusowa ndi desktop

Achimwene, ndawerenga funso lanu: mwaika Debian 12 (mtundu wina wa Linux) pa laputopu yakale ya HP ya RAM 4 GB, koma ikayaka ikungoima pa sikirini yakuda yolembedwa "login:", mawindo palibe, mausi sakuyenda. Musathamangire kufufuta n'kuyambiranso monga ena akunenera pamwambapa. Kompyuta yofika pa "login:" yadzuka bwinobwino.

Mwanenanso kuti munagwiritsa ntchito netinst ndipo poika munalibe intaneti. Nkhani yagona pamenepo. Netinst ya Debian 12 ndi kafayilo kakang'ono koikira, ka ma MB 600 ndi pang'ono, ndipo mkati mwake mulibe desktop (mawindo ndi mausi zija) monga GNOME, KDE kapena Xfce. Zimenezo imakazitenga pa intaneti pamene ikuikidwa. Ikasowa intaneti imangoika maziko okha n'kukusiyani pomwe mulipo.

Lowani ndi dzina lanu. Pasiwedi siioneka mukamalemba, ngakhale kadontho, ndiye musaganize kuti kiyibodi yafa. Kenako lembani su - ndipo muike pasiwedi ya root, akaunti yokhala ndi mphamvu zonse pa kompyutayo. Ndikunena su chifukwa ngati munaika pasiwedi ya root poika Debian, sudo (lamulo lobwerekera mphamvu za root) palibe, ndipo ambiri amataya ola lathunthu akulimbana ndi "command not found".

Tsopano intaneti. Wi-Fi muisiye kaye, pa sikirini yakudayi ndi yovutitsa. Ngati muli ndi rauta lumikizani waya. Apo ayi, lumikizani foni ndi chingwe cha USB n'kuyatsa USB tethering. Lembani ip a, muona dzina latsopano, usb0 kapena lina lalitali loyamba ndi enx. Lembani dhclient n'kutsatiza dzinalo, kenako yesani ndi ping -c 3 deb.debian.org.

Apa pali msampha womwe umagwira pafupifupi aliyense woika popanda intaneti: apt, pulogalamu yoikira mapulogalamu ena, ikuganizabe kuti mapulogalamu iziwatenga pa flashi yomwe munagwiritsa ntchito poika Debian. Tsegulani fayilo ndi nano /etc/apt/sources.list, ikani # kumayambiriro kwa mzere woyamba ndi "deb cdrom", ndipo pansi pake lembani:

deb http://deb.debian.org/debian bookworm main contrib non-free non-free-firmware

Sungani ndi Ctrl+O kenako Enter, tulukani ndi Ctrl+X, lembani apt update.

Pa RAM 4 GB ine ndingasankhe Xfce. GNOME ndi yokongola, sindikukana, koma pa makina ngati anuwo mukatsegula matabu angapo mu Firefox muyamba kudikira ngati pa mzere wa chigayo. Lembani apt install task-xfce-desktop. Imabwera ndi zonse pamodzi: Xorg yomwe imajambula mawindo, LightDM yomwe ndi sikirini yolowera ija, Firefox ndi LibreOffice. Imadya bandulo, choncho werengani ma MB omwe apt ikuonetseni musanadine Y. Ngati bandulo ndi yochepa, ingoikani apt install xorg xfce4 lightdm network-manager-gnome, zina mudzawonjezera mukapeza Wi-Fi.

Ikatha, lembani systemctl get-default. Ikayankha graphical.target zili bwino. Ikayankha multi-user.target, ndiye kuti makina auzidwa kuti aziima pa zolemba zokha, muwasinthe ndi systemctl set-default graphical.target. Kenako reboot. Ndikukhulupirira kuti vuto lanu lithera apa.

Koma tinene kuti yayakanso n'kukhala yakuda, kamzere kakungophethira pakona. Limenelo ndi vuto lina: desktop ilipo koma ikukanika kudzuka. Dinani Ctrl+Alt+F2, mulowe, muyang'ane systemctl status lightdm ndi grep EE /var/log/Xorg.0.log. Mizere ya (EE) ndi yomwe imanena cholakwika. Mukaona "no screens found", kawirikawiri ndi khadi la zithunzi, ndiye mulidziwe ndi lspci | grep -i vga. La Intel silivuta kawirikawiri. La AMD limafuna firmware-amd-graphics. La Nvidia ndiye lamakani: ikani nvidia-detect, iyo ikuuzani dalaivala woyenera khadi lanulo, musangokopera zomwe wina anachita pa khadi lake. Kale nkhani ya firmware (timapulogalamu tomwe zida ngati khadi la zithunzi zimafuna kuti zigwire ntchito) inkatisowetsa tulo chifukwa Debian sinkaiika mu fayilo yake yoikira. Kuyambira pa Debian 12, yomwe inatuluka mu June 2023, imabwera nayo, choncho mwina yanu ilimo kale.

Sikirini ikamada mpaka ngakhale Ctrl+Alt+F2 osayankha, yambitsaninso, ndipo pa menyu ya GRUB, yomwe imaoneka kompyuta ikangoyaka, dinani e. Pezani mzere woyamba ndi linux, lembani nomodeset kumapeto kwake, dinani F10. Zithunzi zioneka zazikuluzikulu, zosasangalatsa, koma mulowa n'kuika dalaivala. Nomodeset imeneyi sisungika, mukayatsanso zibwerera mwakale.

China chaching'ono: lembani df -h kuti muone ngati disiki yadzaza. Ine tsiku lina ndinachezera usiku ndikusinthasintha madalaivala pa laputopu ya mlamu wanga. Ukalemba pasiwedi sikirini inkangothima n'kubwerera polowera pomwepo. Mapeto ake ndinapeza kuti gawo la disiki lomwe ndinadula linali laling'ono ndipo linadzaza 100%. Ndinadziseka ndekha. Komanso wina akakuuzani kuti muyese startx (lamulo loyatsira desktop pamanja), yesani ndi dzina lanu, osati muli root kapena ndi sudo, chifukwa mutha kusiya fayilo ya .Xauthority ili m'manja mwa root n'kudzitsekera nokha panja.

Zikakanikabe, jambulani ndi foni zomwe zatuluka pa lspci, pa grep EE ndi pa df -h, muponye pansi pano. Madzulo ano ndikaweruka ndiziona.