Zenera la chipinda chojambuliramo liyang'ane kumwera

Mayi wina wojambula zithunzi ndi penti wanditumizira imelo. Akukhala lendi ku Lilongwe, koma kwawo ku Dedza anamupatsa malo, ndipo akufuna kumangapo nyumba yokhala ndi chipinda chogwiriramo ntchito yake. Funso lake ndi lakuti ayambire pati kuti nyumbayo isamalize mitengo ya m'mudzi komanso isamudyere ndalama chaka ndi chaka.

Mayi, musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, pitani pamalopo mukaone kumene dzuwa likutulukira ndi kumene likulowera. Abilidala ambiri amayang'anitsa nyumba kumsewu basi, ndipo mukawalekerera mudzapeza zenera lalikulu lili kumadzulo. Mu Okutobala chipinda chotere munthu sakhalamo masana, komanso kuwala kwake kumasintha ola lililonse, moti mtundu umene munasakaniza m'mawa umaoneka wina madzulo.

Mukawerenga pa intaneti mudzapeza alangizi ambiri akunena kuti zenera la wojambula liyang'ane kumpoto. Amenewo akulembera anthu a ku Ulaya ndi ku America, kumene dzuwa limadutsa chakumwera. Ife tili kumunsi kwa equator, Dedza ali pafupifupi madigiri 14 kumwera, ndiye zinthu zimatembenuka. Kwa miyezi yambiri ya chaka dzuwa lathu limadutsa chakumpoto, ndipo kuwala kofatsa, kosaponya zithunzithunzi zakuthwa, kumalowera kumwera. Kumeneko ndi kumene muike zenera lalikulu, lokwera ndithu pakhoma kuti kuwala kufike mpaka mkati. Koma dziwani kuti kuyambira cha mu Novembala mpaka pakati pa Febuluwale dzuwa limawolokera pang'ono kumwera. Choncho denga litulukire kunja pamwamba pa zeneralo, lichite ngati kakhonde. Miyezi imeneyi ndi yamvulanso, ndiye denga lomwelo lidzateteza khoma.

Mbali ya kumpoto isungireni pabalaza ndi kuchipinda chogona. Inu mukudziwa mmene Dedza amazizirira mu Juni ndi Julayi. Nthawi imeneyo dzuwa limapendekera kumpoto kwambiri, limalowa pazenera n'kutenthetsa pansi ndi makoma, ndipo usiku simudzafunika kusonkha mbaula m'nyumba. Masola nawonso ayang'ane kumpoto, opendekeka pang'ono kuti fumbi lizitsukika ndi mvula.

Tsopano makoma. Uvuni wa njerwa umadya nkhuni zochuluka, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zatimalizira mitengo. N'chifukwa chake mu 2018 bungwe loyang'anira zomangamanga la National Construction Industry Council linaika malamulo oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda. Inu muli ndi njira ziwiri zabwino. Yoyamba ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zimene amazipana pamakina n'kuziumitsa osaotcha, zija amati SSB. Yachiwiri ndi mdindo, womwe agogo athu ankamangira. Anthu ena amauyesa chizindikiro cha umphawi, koma ine ndimautenga ngati khoma labwino kwambiri kwa munthu wogwira ntchito m'nyumba tsiku lonse, chifukwa khoma lochindikala la dothi limachedwa kutentha komanso limachedwa kuzizira. Mdani wake ndi madzi ndi chiswe. Nyumba zambiri zadothi zimene zimagwa nthawi ya mvula yamphamvu, ngati ija ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, zimayamba kufewa kunsi. Ndiye apa musaumire: maziko akhale a miyala ndi simenti, akwere kupitirira nthaka, muyale pulasitiki pakati pa maziko ndi khoma, ndipo mukumbe ngalande yoti madzi a kumtunda azilambalala nyumba. Dothi lenilenilo liyesedwe kaye, pakuti lamakande lokhalokha limang'aluka likauma ndipo limafuna mchenga.

Mkati mwa chipinda chojambuliramo mupake laimu woyera. Ndi wotchipa, amabweza kuwala bwino, komanso amalola khoma ladothi kutulutsa chinyezi. Pansi pakhale simenti wamba yosavuta kukolopa. Matailosi ndi kutaya ndalama pamalo oti penti azidontherapo.

Za denga, udzu umaziziritsa bwino ndipo ndi wokongola, koma pamwamba pa nsalu zanu ndi mabotolo a mafuta osungunulira penti sindingaulimbikitse: moto, zinyalala zogwa, ndi chiswe. Ikani malata, koma ndi siling'i ndi mpata woti mpweya wotentha uzitulukira pamwamba. Malata ali ndi phindu linanso. Milimita iliyonse ya mvula ikagwera pa sikweya mita imodzi imapereka lita imodzi ya madzi. Denga la masikweya mita 100 pamalo ogwa mvula ya mamilimita 800 lingakupatseni malita pafupifupi 80,000 pachaka, kuchotsapo ongotayika. Simungasunge onsewo, koma thanki imodzi yaikulu ichepetsa maulendo a kumjigo.

Chipindacho chikhale ndi chitseko chakechake chakunja, chachikulu choti chithunzi chachitali chitulukire osachipendeketsa. Ogula akabwera safunika kudutsa pabalaza panu, ndipo fungo la penti silifika kogona. Mazenera ang'onoang'ono awiri oyang'anizana azithandiza kuti mphepo izidutsa. Madzi otsukira mabulashi musamathire kudimba kapena pafupi ndi chitsime. Asiyeni m'ndowa adikhe, zotsalira pansi ziume, muzitaye padera.

Za malowo, mawu a amalume ndi a nyakwawa ndi ofunika, koma ndalama zimene muikepo ndi zambiri. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kulembetsa malo otere, ndiye kafunseni ku ofesi ya DC ku Dedza za mmene mungachitire, ndipo abale onse adziwe.

Ngati ndalama sizikukwana zonse nthawi imodzi, yambani ndi chipinda chojambuliramo ndi kachipinda kamodzi kogona, koma maziko a nyumba yonse muwayezeretu ndi zikhomo. Mmisiri amene mudzamulembe akuonetseni khoma la mdindo kapena la SSB limene anamanga lokha ndipo lapirira mvula ya zaka zingapo, mukalione ndi maso musanamupatse ya chikole.